Mlendo wa Kalumo Kakuthwa: Mbiri ya Licínio Azevedo

Ndili mnyamata wa sukulu ya pulayimale m'mapiri a ku Dowa, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, padalibe tsiku lokoma kuposa limene galimoto ya kanema inkafika kwathu. Mbiri yake inkatsogola, galimotoyo n'kumabwera pambuyo. Dzuwa lisanalowe bwalo la sukulu linkakhala litadzaza kale: amayi ndi ana kumsana, madoda ndi timipando tawo, ife anyamata titakhala pafumbi kutsogolo kwenikweni. Mdima ukangoti bii, injini inkayamba kulira, kuwala n'kugwa pachinsalu choyera, ndipo tonse tinkangoti kukamwa yasa. Ena mwa ife tinkazemba kukasuzumira kuseri kwa chinsalu kuti tione kumene anthu aja ankabisala.

Zimene tinkaonera zidali zothandiza ndithu. Tinkaona mlimi wachitsanzo akuthira feteleza m'chimanga, alangizi akuphunzitsa kalimidwe ka mtedza, ndiponso atsogoleri a dziko akuyendera minda, anthu akuwavinira. Koma pazaka zonsezo sindidaonepo pachinsalu nkhalamba yonga agogo anga ikusimba m'mene idapulumukira njala ya 1949, kapena bambo wobwera ku Joni akulongosola za moyo wa pansi pa mgodi. Motero ndidakula ndi maganizo akuti kanema ndi wa anthu otchuka, ndipo kuti nkhani za anthu wamba malo ake ndi pamoto madzulo, kumene zimatha pamodzi ndi nkhuni.

Maganizo amenewa adasintha nditadziwa ntchito za munthu wina amene sadabadwire m'Malawi muno, ngakhalenso mu Africa, koma adasunga mbali ina ya mbiri yathu imene eni akefe sitidaisamale. Dzina lake ndi Licínio Azevedo, mtolankhani, mlembi wa mabuku ndiponso wojambula kanema wa ku Mozambique. Kanema amene adatchuka naye ndi wa mtundu uja woonetsa anthu enieni, malo enieni ndi zinthu zimene zidachitikadi. Akuluakulu adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. M'nkhani ino tiona kumene mlendo ameneyu adachokera, m'mene adanolera kalumo kake, ndi chimene ife a kuno tingatolepo.

A Azevedo adabadwa m'chaka cha 1951 m'chigawo cha Rio Grande do Sul, kum'mwera kwenikweni kwa dziko la Brazil. Dzikoli lili kutsidya kwa nyanja yaikulu ya Atlantic, ndipo anthu ake amayankhula Chipwitikizi monga anzathu a ku Mozambique, popeza maiko awiriwa adalamulidwapo ndi Apwitikizi. Iwo akali mnyamata, m'chaka cha 1964, asilikali adalanda boma la Brazil ndipo adalamulira mpaka 1985. M'nyengo imeneyo nyuzipepala zinkayamba zapimidwa zisanatuluke. Atolankhani ena ankamangidwa, ena ankaphedwa kumene, monga Vladimir Herzog amene adafera m'manja mwa asilikali mu 1975. A Azevedo adayamba ntchito ya utolankhani m'masiku owawitsa amenewa, ndipo adayenda m'maiko angapo a ku South America akulemba za moyo wa anthu wamba. Adadziwiratu akali wamng'ono kuti choonadi chili ndi adani, ndi kuti wochilemba ayenera kukhala wolimba mtima.

Chapakati pa zaka za m'ma 1970 adawoloka nyanja kubwera ku Africa. Adayamba akhala ku Guinea-Bissau, dziko limene lidali litangomasuka kumene ku ulamuliro wa Apwitikizi, ndipo kumeneko adaphunzitsa atolankhani. Pasanapite nthawi adaitanidwa ku Mozambique ndi Ruy Guerra, katswiri wa kanema wobadwira ku Maputo amene adatchukira ku Brazil. Dziko la Mozambique lidalandira ufulu wodzilamulira pa 25 Juni 1975, motsogozedwa ndi Samora Machel ndi chipani cha Frelimo. Panthawiyo anthu pafupifupi 9 mwa 10 aliwonse sankadziwa kulemba ndi kuwerenga, choncho boma latsopano lidaona kuti nyuzipepala yokha siingafikire mtundu wonse. Lidakhazikitsa bungwe la kanema lotchedwa Instituto Nacional de Cinema. Bungweli linkatulutsa kanema waufupi wa nkhani wotchedwa Kuxa Kanema, kutanthauza kubadwa kwa kanema, ndipo galimoto zinkayenda naye m'midzi monga momwe zinkachitira kwathu kuno.

Ntchito yoyamba imene a Azevedo adagwira m'bungwemo siidali yonyamula makina ojambulira ayi. Idali yomvetsera. Adakhala pansi ndi anthu amene adamenya nawo nkhondo ya ufulu, imene idayamba mu 1964 ndi kutha mu 1974, pamodzi ndi alimi amene ankawadyetsa ndi kuwabisa, n'kulemba zimene ankawasimbira. Nkhanizo zidasindikizidwa m'buku lotchedwa Relatos do Povo Armado, ndiye kuti zosimba za anthu amene adanyamula zida. Kuchokera m'nkhani zomwezo mudatuluka kanema wa O Tempo dos Leopardos, Nthawi ya Akambuku, amene adapangidwa mu 1985 mothandizana ndi dziko la Yugoslavia. Apa tione bwino: munthuyu adafika ku kanema kudzera m'khutu, osati m'diso. Asanadziwe kuloza kamera adali atadziwa kale kukhala chete munthu wina akamayankhula.

Tsoka ilo, mtendere wa ku Mozambique sudakhalitse. Kuyambira cha m'ma 1977 gulu la Renamo, limene poyamba linkathandizidwa ndi boma la azungu la ku Rhodesia ndipo kenaka la ku South Africa, lidayamba kumenyana ndi boma la Frelimo. Nkhondo yapachiweniweniyi idatha zaka zoposa 15. Midzi idatenthedwa, sukulu ndi zipatala zidagwetsedwa, minda ndi njira zidadzala mabomba okwirira pansi, ndipo anthu pafupifupi miliyoni imodzi adafa ndi zipolopolo, njala ndi matenda. M'kati mwa nkhondo yomweyi ndi m'mene a Azevedo adayambira kutsogolera okha ntchito yojambula. Mu 1991 nyumba ya bungwe la kanema lija idapsa ndi moto, ndipo chakumayambiriro kwa zaka zomwezo iwo pamodzi ndi anzawo adayambitsa kampani yoima payokha yotchedwa Ebano Multimédia. Kuyambira pamenepo sadalinso wantchito wa boma. Adali womasuka kusankha nkhani zimene mtima wawo udafuna.

Mwina wina angafunse kuti, kodi zonsezi zikutikhudza bwanji ife Amalawi? Yankho lake nlakuti nkhondo ya mnansi siithera kuseri kwa mpanda. Kuyambira makamaka mu 1986, anthu a m'zigawo za Tete, Zambézia ndi Niassa adayamba kukhamukira kuno, atasenza timitolo pamutu, ana kumsana. Pofika 1992 othawa nkhondo m'Malawi adapitirira miliyoni imodzi, pomwe kalembera wa 1987 adapeza kuti m'dziko muno mudali anthu pafupifupi mamiliyoni 8 okha. Ku Nsanje alendo adachuluka kuposa eni dera. Ku Dedza ndi ku Ntcheu, kumene malire amatsata msewu waukulu, ambiri adangolandiridwa m'midzi, chifukwa adali Achewa ndi Angoni anzathu, oyankhula chiyankhulo chathu, a mafuko athu omwewa. Amalawi adagawana nawo malo, nkhuni, zitsime ndi zipatala, ngakhale m'chaka cha chilala choopsa cha 1992.

Chimenechi n'chimodzi mwa zinthu zazikulu zimene mtundu wathu udachitapo, ndipo tiyenera kunyadira. Koma ndani adachisunga? Kumbukirani kuti dziko lathu lidalibe wailesi ya kanema kufikira 1999. Ziwerengero zidalembedwa m'maofesi, matumba a ufa ndi nyemba adawerengedwa, koma mawu a anthuwo, mantha awo ndi kupukwa kwawo sizidalowe m'mabuku a maofesiwo. Mgwirizano wa mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992 pakati pa Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama, alendo aja adayamba kubwerera kwawo. M'zaka zochepa misasa idasanduka minda, ndipo mwana wobadwa lero sangadziwe kuti pamalo pomwe akubzala mbatata padali mudzi wa anthu zikwizikwi.

Pa nthawi imeneyi ndi pomwe a Azevedo adajambula kanema wotchedwa A Árvore dos Antepassados, ndiye kuti Mtengo wa Makolo, amene adatuluka mu 1994. M'malo mosimba za anthu miliyoni, iwo adasankha banja limodzi lokha. Mu 1984, nkhondo itafika m'dera lawo m'chigawo cha Tete, akuluakulu a banjalo adasankha bambo mmodzi kuti atsogolere abale ake kuthawira ku Malawi. Adachoka mwaliwiro, osapeza mpata wotsazika makolo awo amene adagona m'manda. Adakhala kuno zaka pafupifupi khumi. Mtendere utabwera, bamboyo adasonkhanitsa mbumba yake n'kuyamba ulendo wobwerera, ndipo wojambula adayenda nawo ulendo wonsewo. Kumene ankalinga sikudali kunyumba ya njerwa kapena kumunda wa chonde, popeza zonse zidali zitasanduka thengo. Ankalinga kumtengo wa pamudzi pawo, kumene makolo awo ankathirira nsembe, kuti akapepese mizimu chifukwa chochoka osatsazika.

Munthu wongowerenga ziwerengero angaganize kuti wothawa nkhondo amasowa chakudya ndi pogona basi. Kanemayu akuonetsa kuti pali njala ina imene ufa wa chithandizo sungathetse. Munthu amene adapatsidwa anthu kuti awasunge amakhala ndi ngongole kwa amene adamutuma, amoyo ndi akufa omwe, ndipo mtima wake sukhala pansi kufikira atabwerera kukanena kuti: amene mudandipatsa aja ndi awa, awa adabadwira kuchilendo, awa ndidawaika m'manda a eni. Mtolankhani wothamanga akadafika pamsasa m'mawa, n'kufunsa mafunso atatu, n'kubwerera masana, sakadaimva nkhani imeneyi. Idamveka chifukwa wojambulayo adalolera kuyenda pang'onopang'ono monga momwe banjalo linkayendera.

Ife a ku Dowa ndi ku Ntchisi nkhaniyi siyachilendo konse. Makolo athu nawonso adalawapo kuthawa. M'zaka za m'ma 1800, nkhondo za Angoni ndi za ogula akapolo zitavuta, Achewa ambiri adasiya midzi yawo m'zigwa n'kukabisala m'mapiri, ndipo nkhalango ya paphiri la Ntchisi ndi amodzi mwa malo amene adawasunga. Nafenso timadziwa za kachisi ndi za mtengo wa nsembe. Timadziwa kuti munthu sasamuka pamudzi osauza eni nthaka amene adatsogola. Choncho poonera banja la ku Tete lija tikuona agogo a agogo athu akutsika m'phiri kubwerera kumabwinja awo. Kusiyana kwake n'kwakuti ulendo wa makolo athu padalibe woujambula, ndipo zambiri za ulendowo zidapita ndi eni ake.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwambi umenewu ukulongosola bwino kagwiridwe ka ntchito ka a Azevedo. Iwo ankakhalitsa pamudzi asanayambe kujambula, kufikira anthu atawazolowera. Kawirikawiri sankaika munthu wophunzira woti azilongosolera oonera tanthauzo la zimene akuona, koma ankasiya eni nkhani kuti ayankhule okha m'ziyankhulo zawo. Umu ndi m'mene adajambulira A Guerra da Água, Nkhondo ya Madzi, woonetsa mabanja a m'chigawo cha Inhambane akuvutikira madzi nkhondo itawaonongera mijigo. Mu 1997 adatulutsa Tchuma Tchato, dzina limene Mchewa aliyense angalimve, pakuti ndi chuma chathu. Kanemayu adajambulidwa m'chigawo cha Tete m'mbali mwa mtsinje wa Zambezi, kufupi ndi kumene Mozambique, Zambia ndi Zimbabwe amakumana, ndipo akusimba za anthu a m'midzi amene adayamba kusamala okha nyama zakuthengo, alenje ena n'kusanduka alonda a nyamazo. Wojambula sadanyoze chikhulupiriro cha anthuwo pa mizimu. Adachionetsa monga mbali ya moyo wawo, pakuti kwa iwo nkhani ya nyama siikadatha popanda kufunsa mizimu ya dzikolo.

Njira ina imene ankaitsata ndi yopempha anthu kuti achitenso pamaso pa kamera zimene zidawachitikira. Chitsanzo chodziwika ndi Desobediência, Kusamvera, wa mu 2002. Iyi ndi nkhani ya mayi wa kumudzi amene abale a mwamuna wake adamuimba mlandu wakuti ndiye adachititsa imfa ya mwamunayo, ndipo iye adakadziyeretsa kwa sing'anga ndiponso kubwalo la milandu. Mayiyo ndi apabanja akewo adasewera okha mbali zawo. Apa wophunzira wanzeru ayenera kuima n'kufunsa: kodi chinthu chochitidwa kachiwiri n'choonabe? Nanga kodi si kutokosa chilonda chimene chidayamba kupola? Mafunso amenewa ndi oyenera, ndipo alibe yankho lapafupi. Wojambula amasankha choti aonetse ndi choti asiye, motero ngakhale kanema wa zoona amanyamula maganizo a mwini wake. Amene amamva ululu kujambula kukatha ndi eni nkhani, pakuti mlendo amapita koma iwo amatsala pamudzi pomwepo. Tsono kalumo kakuthwa kamafuna dzanja losamala, chifukwa kamene kamameta bwino ndi komwenso kamatema.

Chimene chimandichititsa kuwapatsa ulemu kwambiri a Azevedo n'chakuti sadaope kuonetsa zolakwa za anthu amene iwo adabwera kudzawathandiza. Adafika ku Mozambique chifukwa chokhulupirira ufulu umene Frelimo idamenyera. Komabe boma lomwelo, chakumapeto kwa 1975, lidagwira amayi ambiri m'misewu ya m'mizinda powaganizira kuti ndi oyendayenda, n'kuwatumiza kumisasa ya m'thengo yoti akasinthidwe khalidwe. Yambiri mwa misasa yotereyi idali ku Niassa, kutsidya kwa nyanja yathu. Wojambula zithunzi wotchuka, Ricardo Rangel, adajambula asilikali awiri akuperekeza mmodzi mwa amayiwo. Chithunzi chimenecho chidawakhala mumtima a Azevedo, ndipo mu 1999 adafunafuna ena mwa amayi aja n'kujambula umboni wawo mu kanema wa A Última Prostituta. Kuchokera mu umboniwo adapanga Virgem Margarida mu 2012, nkhani ya mtsikana wa kumudzi wosalakwa amene adatengedwa pamodzi ndi enawo chifukwa chosowa chiphaso. Wakutsina khutu ndi mnansi. Kuyamikira boma pamene lachita bwino n'kosavuta, koma kulikumbutsa za anthu amene lidawalakwira kumafuna munthu wokonda dziko koposa mmene amakondera mpando wake.

Ntchito yawo imene idamveka kutali kwambiri ikukhudzanso Malawi. Nkhondo ili m'kati, minda ndi mafakitale a shuga a m'chigwa cha Zambezi, ku Marromeu ndi ku Luabo, zidaonongedwa, ndipo shuga adasowa kumpoto kwa Mozambique. Koma anthu a m'mbali mwa nyanja yamchere adali ndi mchere wambiri, pomwe ife tidali ndi shuga wa ku Nchalo ndi wa ku Dwangwa, cha ku Nkhotakota. Tsono anthu, makamaka amayi, ankakwera sitima ku Nampula atanyamula matumba a mchere, kulinga kumalire a Malawi kuti akasinthanitse ndi shuga, n'kukagulitsa kwawo kuti ana adye. Njanji imeneyi ndi ija ya ku Nacala, imene idalumikizidwa ndi njanji yathu mu 1970 kudzera ku Nayuchi. Idali njira ya imfa. Zigawenga zinkazula njanji ndi kubisalira sitima, motero sitimayo inkayenda ngati munthu wapansi, n'kumaima kuti anthu akonze pomwe paonongedwa. Asilikali a Malawi nawo adatumizidwa kukalondera njanjiyi kuyambira 1987, ndipo ena mwa iwo adatsikira komweko.

A Azevedo adafuna kujambula ulendo umenewu nkhondo ikali m'kati, koma sizidatheke. Sadaitaye nkhaniyo. Adailemba m'buku lotchedwa Comboio de Sal e Açúcar, Sitima ya Mchere ndi Shuga, limene lidatuluka mu 1997, ndipo patapita zaka 19, mu 2016, adalisandutsa kanema wa dzina lomwelo. Uyu ndi kanema wa sewero, koma mizu yake ili m'zimene zidachitikira anthu enieni. M'menemo sadabise kuti apaulendo ankaopa adani a m'thengo komanso ena mwa asilikali omwe adapatsidwa ntchito yowateteza. Kanemayu adaonetsedwa koyamba ku Locarno m'dziko la Switzerland, mu 2017 adapata mphotho yaikulu pa chikondwerero cha kanema cha Carthage ku Tunisia, ndipo adakhala woyamba kutumizidwa ndi dziko la Mozambique ku mpikisano wa Oscar. Taganizirani: shuga yemwe ife tinkathira m'tiyi osaganizako kawiri, mayi wina adamuyendera masiku ambiri pakati pa zipolopolo. Ambirife tidadziwa zimenezi chifukwa munthu mmodzi adaisunga nkhaniyo mumtima kwa zaka zoposa makumi awiri.

Tisaganize kuti ntchito yotere ndi ya alendo okha. Kwathu konkuno kudali munthu amene adaigwira kanema asanafale, ndipo chida chake chidali cholembera. Ameneyu ndi Samuel Josiah Nthara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, amene adabadwa mu 1905 ndi kumwalira mu 1976. Buku lake la Nthondo lidapata mphotho mu 1933. Iye adayenda m'midzi kufunsa nkhalamba, n'kulemba Mbiri ya Achewa, ndiponso mbiri ya Msyamboza, mfumu ya ku Chibanzi m'boma la Dowa. Akadapanda kutero, zambiri zimene timadziwa za masiku a Msyamboza ndi Angoni a Chiwere zikadakwiriridwa pamodzi ndi amene adaziona. A Nthara ndi a Azevedo sadaonanepo, ndipo zida zawo zidali zosiyana, koma nzeru yawo idali imodzi: kupita kwa munthu wamba akali moyo, kumumvetsera mwaulemu, ndi kusunga mawu ake mosawapotoza.

Nanga lero nkhani zosowa wozisunga zatha? Kutalitali. M'boma lathu lomwe lino la Dowa muli Dzaleka. Mu ulamuliro wa chipani chimodzi malowa adali ndende ya anthu omangidwa pa zifukwa za ndale, ndipo mu 1994, chaka chomwe kanema wa Mtengo wa Makolo adatuluka, adasandutsidwa msasa wa othawa nkhondo a ku Rwanda, Burundi, Congo ndi maiko ena. Malo amene adakonzedwera anthu pafupifupi 12,000 adafika posunga anthu oposa 50,000. Aliyense wa iwo ali ndi mtengo wa makolo umene adausiya. Amene adamangidwapo pamalopo kale nawo akutha mmodzimmodzi. M'midzi mwathu mukali madoda amene adagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa, amayi amene adalera ana m'njala ya 2002, asilikali amene adalondera njanji ya ku Nacala, ndi anthu amene adaponya voti pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993. Chaka chilichonse timaperekeza ena mwa iwo kumanda, ndipo mabuku osalembedwa amapita nawo.

Inu ophunzira a lero muli ndi mwayi umene ife tidalibe. Makina amene kale ankadzaza galimoto, tsopano akukwana m'thumba la malaya, pakuti foni yam'manja imajambula mawu ndi zithunzi zomwe. Koma chida pachokha si luso. Mukafuna kusunga nkhani ya munthu, yambani mwapempha chilolezo chake ndi kumuuza chimene mudzachite nayo. Pitani kangapo, pakuti nkhani yeniyeni siituluka tsiku loyamba. Musamudule mawu, ndipo musamukonzere Chichewa chake. Lembani tsiku, mudzi ndi mfumu ya dera. Funsaninso munthu wachiwiri amene adaona chinthu chomwecho, ndipo akasiyana lembani zonse ziwiri osakometsa. Mukamaliza bwererani kwa mwini nkhani kuti amve zimene mwasunga. Ndipo ngati nkhani ina ingamuike m'mavuto kapena kumuchititsa manyazi, kumbukirani kuti ulemu wa munthu ndi waukulu kuposa kutchuka kwanu.

Ndikunena izi ndi chisoni cha munthu amene adachedwa. Agogo anga aja adandisimbira kambirimbiri za njala ya 1949: mizu imene ankakumba, njira imene adayenda kukasuma, ndi maina a anthu amene sadabwerere. Ine ndidaphunzira, ndidapita kukoleji ya aphunzitsi, ndipo ndidakhala zaka zambiri ndili ndi cholembera m'thumba ndi makope patebulo. Ndinkangoti ndidzalemba patchuthi chikubwerachi. Tchuthi chidabwera n'kupita, mpaka tsiku lina uthenga udandipeza m'kalasi. Lero ndikayesa kukumbukira, dzina la mizu ija landithawa, ndipo palibe wina wotsala woti ndimufunse. Banja la ku Tete lija lidapeza woyenda nalo mpaka pamtengo wa makolo ake. Agogo anga adali ndi mdzukulu wodziwa kulemba, koma nkhani yawo idathera pamoto. Ngati kwanu kukali nkhalamba, musadikire tchuthi.